Lero Lokha

"Ndikufunsa kachitatu tsopano. Wosoka nsapato ameneyu ndi ndani?"

Lumo anali ataima pakati pa chipinda chochezera, nsapato imodzi kuphazi, foni ya mkazi wake m'manja. Dzina loti Lumo anamupatsa ndi anthu amene ankawameta, ndipo linamukhala bwino, osati chifukwa cha ntchito yokha ayi, komanso chifukwa cha lilime. Mkazi wake anali pakhomo la kukhitchini atagwira ketulo ndi manja onse awiri, ngati kuti tiyi wa anthu awiri ndi katundu wolemera.

"Ndi wosoka nsapato, monga mmene mwawerengeramo."

"Usandiyese mwana iwe. Nsapato zako ndi mapeyala atatu, ndipo palibe yong'ambika. Taona apa. Lolemba, sikisi koloko m'mawa: 'Lero lokha.' Lachiwiri: 'Lero lokha.' Lachitatu chimodzimodzi. Masiku khumi ndi limodzi munthu akukupempha lero lokha! Ndi lero lanji losatha limeneli? Ine ndine mwamuna, mawu amenewa ndimawadziwa. Ndi omwewa ndinkakunyengerera nawo pageti la kwanu."

"Si zimene mukuganizazo, bambo ake ana."

"Nanga ndi ziti? Pakamwa uli napo, makutu ndili nawo. Lankhula."

"Sindingathe. Tinapangana kuti sititchulana."

"Munapangana! Wadzimva wekha? Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tili m'banja, lero uli ndi anthu opangana nawo kunja?"

Chivundikiro cha ketulo chinayamba kugwedera. Mayiyo anaiika pansi msanga n'kubisa manja m'khwapa, koma Lumo anali ataona kale. Kwa iye, manja onjenjemera anali umboni wokwanira.

"Lachiwiri ndi Lachisanu, folo koloko ikamayandikira, wasamba, watuluka. Ndikafunsa, uti kwa anzanga. Anzako ati? Anzako onse ndikuwadziwa, amuna awo ndimawameta ine. Ana angopita kusukulu yogonera komweko, iwe wamera mapiko. Tulo ulibe. Ndikakukhudza umadzidzimuka. Ukuyesa ine ndilibe maso?"

"Maso muli nawo," anatero mkaziyo motsitsa mawu. "Kungoti mwayamba kundiyang'ana mochedwa."

Mawu amenewa anamulasa Lumo, ndipo chifukwa sanawamvetse, anamulasa kawiri. Anakopera nambala ija pachikhatho chake, anaponya foni pampando, n'kutuluka osamwa tiyi. Anali ndi mantha, ngakhale iye akanakana. Iye ankamukonda mkaziyu, mwa njira yake yaulesi ya munthu amene sanaganizepo kuti banja lingamuthere m'manja.

Shopu ya Lumo inali kachipinda ka mpando umodzi, galasi lalikulu losweka pakona, ndi benchi la odikira. Mmenemo ndi mmene nkhani za dera lonse zinkachapidwa ndi kuyanikidwa. Munthu ukamugwira mutu amamasuka pakamwa, ndipo Lumo sankasunga kanthu. Za wam'mawa ankauza wamasana, za wamasana ankauza wamadzulo, atathiramo kamchere. Koma tsiku limenelo anameta mitu isanu ali duu, mpaka dalaivala wina anamufunsa ngati kwagwa zovuta.

Masana anatseka shopu n'kupita kwa achemwali ake aakulu, amene ankagulitsa mabeseni ndi mapoto mumsika. Amenewa ndi mlamu wawo sankamwerana madzi chiyambire. Anamvetsera nkhani yonse akupukuta poto mmodzi yemweyo, nkhope ikuwala ngati munthu amene walandira mlendo amene wakhala akumudikira.

"Akusanza m'mawa?"

"Sabata yoyamba ija ankasanza."

"Thukuta?"

"Pilo amachita kuyanika."

"Zotsekemera akuzifuna?"

"Maswiti m'matumba monse. Tiyi shuga masipuni anayi."

Achemwaliwo anaika poto pansi n'kuwomba m'manja kamodzi. "Ndiye ukufunsanso chiyani? Ine ndabereka asanu."

"Mimba? Achemwali, munthu wa zaka makumi anayi ndi ziwiri?"

"Nanga mimba imafunsa zaka? Funso ndi lakuti ndi ya ndani. Za kuchipinda kwako ukuzidziwa wekha."

Lumo anayang'ana pansi. Za kuchipinda kwake zinali zitazirala kalekale, ndipo sanafune kuwerenga miyezi pamaso pa achemwali ake.

"Mwina ndikhale naye pansi bwinobwino. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Dekha, mpaka udzalere mwana wa wosoka nsapato. Ine ndakula, galu wamkota sakandira pachabe. Mkazi uja ndinamukayikira kalekale. Kufatsa kwanji kumene kuja? Pagulu saseka, ukamulankhula amayang'ana kumbali, pakamwa nthawi zonse ali ndi chingamu. Munthu wotere amakhala akubisa kanthu. Koma usamuthamangitse wopanda umboni, abale ake adzakuseka. Mupeze kaye mwamunayo. Ukamupeza undiitane, ndikhale mboni."

Lamlungu masana anzake atatu anabwera kudzaonera mpira, monga mwa nthawi zonse. Lumo sanali chidakwa, ndipo ankadzitama nazo. Ankamwa Lamlungu lokha, Lolemba n'kukhala pantchito dzanja losagwedera. Botolo lalikulu la mowa waukali linkakhala m'kabati, ndipo wothira anali mkazi wake, chifukwa ankadziwa muyeso wa aliyense.

"Alamu, matambula auma kuno!" anakuwa mmodzi wa anzakewo, makanika wa mimba yaikulu.

"Dzithirireni lero, alamu. Mutu ukundiwawa."

Anatola mashiti amene anali atachapa dzulo lake, n'kutuluka nawo kuseri kukawachapanso.

Makanika uja anathira yekha, analawa, n'kutong'ola maso. "Aa, koma uwu ndiye mowa! Zaka ziwiri zonsezi umatimwetsa madzi, Lumo. Wasintha sitolo?"

"Sitolo ndi yomweyo. Ndi opanga aja ankatibera, pano alapa."

Onse anaseka, kupatula mwini nyumba. Iye anali kusuzumira pawindo. Mkazi wake sankachapa ayi. Anali atakhala pa ndowa yovundikira, foni ataigwira ndi manja awiri, milomo ikuyenda ngati akuloweza kanthu. Timu ya Lumo inagoletsa zigoli ziwiri, iye sanaone n'chimodzi chomwe.

Lolemba anayamba kusaka. Anazula dala chidendene cha nsapato yake kuti akhale ndi chonamizira. Nzeru yake inali iyi: akaona wosoka nsapato, ankaima chapatali, n'kuimba nambala ija, n'kumayang'ana ngati munthuyo apisa m'thumba. Atatu oyamba sanagwedezeke n'komwe. Lachitatu, pakhonde la sitolo ya mankhwala, foni inalira m'chitini cha misomali cha wosoka wina.

Lumo anaimitsa foni yake n'kuyang'anitsitsa. Anali bambo wachikulire, imvi zosaona chipeso mwezi wathunthu, magalasi omanga ndi ulusi, mano awiri akutsogolo kulibe. Lumo anamva chipongwe mpaka m'mafupa. Akanakhala munthu wa galimoto, bola. Koma uyu?

Anakhala pa kabenchi n'kupereka nsapato. Pambali panali mayi wogulitsa nthochi, makutu ali tcheru monga amakhalira ogulitsa nthochi onse. Lumo anawerama n'kunena motsitsa, akuyang'ana mkuluyo m'maso kuti aone mmene wakuba amadzidzimukira.

"Lero lokha."

Dzanja la mkuluyo linaima. Anamuyang'ana Lumo pamwamba pa magalasi kwa nthawi ndithu, kenako anasendeza kampando kake pafupi.

"Mawu amenewo mwawatenga kuti?"

"Kwa mkazi wanga. Nambala yanu ali nayo."

"Oho. Muli ndi mkazi wabwino, bambo. Ambiri amene amafika pano amakhala atawatsogoza ndi akazi awo. Musachite manyazi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Ndiye simukukana kuti mumatumiza ndinu?"

"Ndikane chiyani? Tsiku lililonse sikisi koloko, ndisanasambe n'komwe. Anthu makumi awiri ndi atatu."

"Makumi awiri ndi atatu!"

"Tsitsani mawu. Akazi asanu ndi anayi, otsalawo amuna."

"Ndi amuna omwe?"

"Nanga iye uja amasankha? Amagwetsa aliyense, wa tayi ndi wa sanza. Ine ndalimbana naye zaka makumi atatu. Mano mukuwasowa apawa anandigulula ndi iyeyo. Inu mwakhala naye nthawi yaitali bwanji?"

Lumo anayamba kulumikiza nkhani. Ndiye kuti mkuluyu anali wongotumidwa chabe. Kuseri kwake kunali wina, chimunthu choopsa chogulula anzake mano.

"Ine ndangomva za iye sabata yathayi."

Mkuluyo anaseka pang'ono, mwachifundo. "Tonse timatero poyamba."

Anamata chidendene, anakhoma misomali itatu, n'kupitiriza osadzutsa mutu. "Pano sitingalankhule zambiri, bongololo sadzolera mafuta pagulu. Lachisanu folo koloko. Sitolo ya penti ndi misomali mukuidziwa? Kuseri kwake kuli masitepe achitsulo. Mukwere, mudutse chitseko cha ophunzitsa kusoka, mulowe chachiwiri chopanda chikwangwani. Mubwere nokha. Dzina lanu mulisiye pansi pa masitepe. Amene mukawaone mmenemo simunawaone, zimene mukamve simunamve. Tasamuka kawiri chifukwa cha pakamwa pa anthu."

"Nanga iye uja akakhalako?"

"Sasowa. Aliyense amabwera naye wake."

Lumo anavala nsapato yake n'kunyamuka osatsanzika. Zimene anali kuziona m'maganizo mwake za chipinda chimenecho sizolembeka.

Lachisanu limenelo sanapite, mtima unamuchepera. Anangoima pawindo la shopu kumayang'ana wotchi. Sabata yotsatira yonse anadya chakudya cha mkazi wake osamulankhula, akumuyang'ana pamimba mwakabisira. Chodabwitsa n'chakuti mayiyo ankaoneka bwino kuposa kale. Maso anayera, anayamba kudya, tsiku lina anamumva akuimba kukhitchini. Kwa Lumo zimenezi zinali mchere pabala. Zaka zonsezi iye analephera kumuimbitsa.

Lachisanu lachiwiri anatseka shopu msanga. Anapeza mkazi wake atasamba kale, akusita bulauzi.

"Lero sutuluka."

"Ndituluka, bambo ake ana."

"Ndikudziwa kumene umapita. Kuseri kwa sitolo ya penti, masitepe achitsulo. Ukuyesa ndine wogona?"

Simbi inaima pamalo amodzi mpaka nsalu inayamba kununkha. Mayiyo anaichotsa, nkhope itatuwa.

"Wakuuzani ndani? Chonde musapiteko. Ndikugwadireni pansi? Si za ine ndekha, kuli anthu ena."

"Ndikudziwa. Makumi awiri ndi atatu. Tamvera, ukadutsa pakhomo apo, katundu wako ukamupeza panja."

Mkaziyo anavala bulauzi ija ndi chipsera chake chomwecho. Mabatani anamuvuta, koma anamanga onse.

"Ndikapita mundithamangitsa. Ndikapanda kupita, pakutha pa mwezi simudzandifunanso m'nyumba muno. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndapita."

Lumo anamva geti likutsekeka. Anakhala pampando kamphindi, kenako anathamangira kumsika.

Iye ankafuna mboni imodzi, koma achemwali ake sankadziwa kuyenda okha. Asanatuluke mumsika anali atanong'oneza mayi wa tomato ndi mayi wa nsalu, ndipo kunong'ona kwawo kunkamveka mizere itatu. Pofika kuseri kwa sitolo ya penti, kumbuyo kwawo kunali anthu oposa khumi, ena osadziwa n'komwe kumene akupita.

"Achemwali, auzeni anthuwa abwerere."

"Abwerere chifukwa chiyani? Wochita manyazi ndi iwe kapena iye? Kwera."

Masitepe analira pansi pa mapazi awo. Anadutsa chitseko cha ophunzitsa kusoka. Lumo anati aike khutu kaye pa chitseko chachiwiricho, koma achemwali ake anachikankha ndi phewa mpaka chinamenya khoma.

"Ali kuti? Mwini mimba ali kuti?"

Munalibe bedi, munalibe nyimbo. Munali mipando ya pulasitiki yozungulira, katebulo ka ketulo ndi makapu osafanana, ndi anthu khumi ndi atatu. Lumo anazindikira mitu asanaone nkhope, monga wometa. Uyu wa dazi pakati anali mphunzitsi wa kusekondale. Uyo wa chipsera kunkhongo anali dalaivala uja anamufunsa ngati kwagwa zovuta. Mayi wina wovala zakuofesi anathamangira pawindo n'kufulatira. Mphunzitsi anaphimba nkhope ndi nyuzipepala. Mkazi wa Lumo anali chiimire pakati, zikuoneka kuti ndiye amalankhula.

Wosoka nsapato anadzuka pang'onopang'ono. "Bambo, ndinati mubwere nokha."

"Ndikufuna mwamuna amene akuyenda ndi mkazi wanga!" Mawu anatuluka, koma mphamvu munalibe. Makapu aja anali atamusokoneza kale.

Mkuluyo anayang'ana Lumo, anayang'ana mayiyo, ndipo anamvetsa kulakwa kwake. Anakhala pansi ngati wamenyedwa. "Mayi, palibe akukukakamizani kunena kanthu. Chitseko chili pululu, pamasitepe pali anthu."

"Chisiyeni chomwecho. Ndatopa." Mayiyo anatembenukira mwamuna wake. "Mwamuna kulibe. Mimba kulibe. Ndine chidakwa, bambo ake ana."

Lumo anaseka, kuseka kopusa. "Iwe? Iwe sumwa."

"Zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinayamba ndi zotsala m'matambula a anzanu, potsuka. Kenako botolo la m'kabati. Ndinkamwa, n'kuthiramo madzi kuti lifike pamene munasiyira. Kenako timabotolo tangatanga, m'thumba la mpunga, m'nsapato zakale, kuseri kwa sitovu. Chingamu chimene alamu amadana nacho chinali chophera fungo. Tsiku limene ana ankanyamuka ndinalephera kudzuka kuti ndikawaperekeze. Inu munati ndi malungo. Wamkulu uja analowa kuchipinda, anandifunditsa, n'kunena kuti, 'Amayi, ine ndikudziwa.' Mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anaona, inu ogona nane bedi limodzi osaona."

Ngakhale a pamasitepe anasiya kukankhana.

"Miyezi iwiri ndinayenda kufunafuna kumene anthu ngati ine amathandizana. Chikwangwani kulibe, wofunsa ulibe. Kuchipatala anandifunsa kuti, kodi ndi za amuna anu? Ndinati eya. Kutchalitchi chimodzimodzi. Ndikanena kuti ndi za inu, aliyense ankandimvera chisoni, kundipatsa mpando, kunditcha mayi wopirira. Tsiku limodzi ndinayesa kunena kuti ndine ndemwe. Mayi amene ndinamuuzayo anasendeza mpando wake kutali. Nambala ya abambo awa anandipatsa ndi wokolopa pachipatala, atanditsatira panja. Uthenga umene wakuvutaniwo ndi mawu athu omwe. Chidakwa chimati ndimwe lero lokha, mawa ndisiya. Ife tinangowatembenuza. Ndisamwe lero lokha, za mawa tiona mawa."

Lumo anakumbukira makanika akutong'ola maso, ndi iye mwini akunena kuti opanga mowa alapa. Manyazi anamukwera kuchokera kumapazi. Anatsegula pakamwa, koma anamutsogolera ndi achemwali ake.

"Chidakwa? Munthu wamkazi? Mayi wa ana?" Anagwira m'chiuno. "Bola chikanakhala chibwenzi! Chibwenzi timakhala pansi, timakamba, chimatha. Koma izi tiuza anthu chiyani? Mwamuna akamwa ndi mwamuna basi, wina aliyense amadziwa. Mkazi akamwa ndiye kuti nyumba yaola. Iwe, tiye. Ameneyu si wobwerera naye kunyumba."

Lumo sanasunthe.

"Ndati tiye! Kapena nawenso wakumwetsa?"

"Pitani, achemwali."

Anapita, ndipo sanapite chete. Mawu awo ankamveka akutsika masitepe, akugawira aliyense gawo lake, ndi maina a amene anawazindikira omwe.

Anthu a m'chipindamo anayamba kutuluka mmodzimmodzi, mitu ili pansi, kudutsa pakati pa maso a anthu. Mayi wa kuofesi anadziphimba ndi mpango. Mphunzitsi anaima pamaso pa Lumo, nyuzipepala ili m'manja.

"Chaka ndi miyezi inayi ndisanalawe, bambo. Kusukulu palibe ankadziwa. Mawa mundimeta ine kulibe, eti?"

Lumo anafuna kulumbira kuti sadzanena kanthu, koma ndani akanakhulupirira lumbiro la Lumo? Ndiponso zinali zitatayika kale, ndipo madzi akatayika saoleka.

Wosoka nsapato anayamba kusanjikiza mipando yekha. Dalaivala anatsala kuti amuthandize, osayang'ana wometa wake ngakhale kamodzi.

"Uku ndi kusamuka kachitatu," anatero mkuluyo, osakalipa, ndipo kusakalipako ndi kumene kunapweteka. "Kupeza chipinda si ntchito. Ntchito ndi kuwapezanso anthu. Ulendo watha tinataya atatu. Awiri anabwerera patapita miyezi. Mmodzi tinakamuika." Anaika mpando womaliza pamwamba. "Malo atsopano tidzauza akazi anu okha. Musadzawafunse."

"Sindidzafunsa, bambo."

Pamene ankatsika masitepe, anthu anali atachepa, koma otsalawo anapatuka ngati pakudutsa maliro. Mkaziyo anaima pansi, osayang'ana mwamuna wake.

"Katundu wanga mwatulutsa?"

"Sindinakhudze kanthu. Tiyeni kwathu, mayi."

"Mwaganiza bwino? Alamu sananame zonse. Amene mukupita naye kunyumbayu ndi wabodza, wakuba mowa wa mwamuna wake. Ndipo musayese kuti ndachira. Lero ndi tsiku la makumi awiri ndi chisanu ndi chimodzi ndisanalawe mowa, ndipo lero ndikuufuna kuposa masiku onsewo kuphatikiza. Chipinda chija ndi malo okhawo amene ndinkanenako zoona. Mwandiphwasulira."

"Ndalakwa. Sindikudziwa kuti ndikonza bwanji, koma ndalakwa. Tiyeni."

Njira zopita kwawo zinali ziwiri. Mayiyo anayang'ana ya kumsika n'kupukusa mutu. "Masiku onsewa ndimazungulira kumsika. Lero kumene kuja sindingadutseko." Yotsala inali ya mumsewu waukulu, ya mabala omwera mowa. Dzuwa linali lisanalowe, koma Lachisanu anthu amayamba msanga, ndipo nyimbo zinali zikumveka kale.

"Yendani mbali iyi, pakati pa ine ndi zitseko. Mundigwire mkono. Ndikakupemphani kuti mundisiye, musandisiye, ngakhale nditukwane."

Lumo anamugwira. Sanakumbukire kuti anamaliza liti kuyenda naye choncho pamsewu. Mkonowo unali wowonda kuposa mmene ankaudziwira.

Nkhani inali itawatsogolera. Pakhonde la bala yoyamba panali makanika uja ndi anzake, mabotolo ali patebulo. Atawaona anaimirira, tambula m'mwamba.

"Lumo! Bwera nawo alamuwo! Tamva kuti amakuposa! Alamu, ndiye ndinu munkatimwetsa madzi? Bwerani mulipe, yoyamba ndigula ine!"

Khonde lonse linaphulika ndi phwete. Lumo sanawayang'ane n'komwe. Anali kumva china chake m'dzanja lake. Mkono uja unali kukoka, osati kuthawa chipongwecho ayi, koma kulowera komweko. Fungo linali litafika pamsewu, ndipo thupi lonse la mkazi wake linapendekera ku chitseko. Apa ndi pamene Lumo anachita mantha enieni. Izi sizinali zoopseza ndi katundu panja, kapena zoitanira achemwali.

"Imodzi yokha, bambo ake ana," ananong'ona mayiyo. "Anthu adziwa kale. Ndibisanso chiyani? Imodzi, kenako tizipita."

"Ayi, mayi."

"Ndisiyeni! Ndinu ndani inu? Si inu nomwe mumandipatsa matambula kuti nditsuke? Ndisiyeni, mukundipweteka!"

"Tukwanani, koma sindikusiyani. Tsinzinani. Ndikuyendetsani ine."

Anamukulunga ndi mkono wonse, n'kumuyendetsa phazi ndi phazi, iye akukoka uku, mkazi akukoka uko, anthu akuimba malikhweru. Misozi inali kutsika pankhope pa Lumo poyera, pamaso pa amuna onse amene ankawameta, ndipo analibe dzanja loipukutira. Nyimbo zinayamba kutsalira kumbuyo. Pang'onopang'ono mkono uja unafooka, mayiyo n'kutsamira paphewa pake, akupuma ngati wakwera phiri.

"Tadutsa?" anafunsa, maso ali chitsinzinire.

Lumo anayang'ana kutsogolo. Msewu umenewu anali atauyenda zaka zonsezi, koma anali asanawerengepo zitseko zake.

"Tadutsa yoyamba," anatero. "Zatsala ziwiri. Musatsegule maso."